Holide ya m'Chisanu Kwathu ku Linthipe

Adzukulu anga, pa chaka chonse nthawi imene mudzi unkapuma inali ya chisanu, sukulu zitatsekera. Dzinja linali la khasu ndi njala. Okutobala anali wa dzuwa ndi kugalauza mizere. Koma pakati apa, kuyambira kumapeto kwa Julaye mpaka mu Sepitembala, chimanga chili m'nkhokwe, mtedza uli m'chikwa, munthu ankakhala pansi n'kumaliza nkhani imene wayamba. Ndikunena za zaka za m'ma 1970, kwathu m'mbali mwa mtsinje wa Linthipe, m'boma la Dedza. Masiku amenewo chaka cha sukulu chinkayamba mu Okutobala, choncho holide yaikulu inkatipeza chisanu chikadaluma, n'kutisiya kutayamba kutentha.

Kuzizira kwa ku Dedza musakuyerekeze ndi kwa ku Lilongwe kumene mukukhalako. Kwathu n'kumtunda, ndipo phiri la Dedza limapitirira mamita 2,000. M'mawa nkhungu inkameza phiri lonse la Chongoni, udzu uli mbuu ndi mame. Usiku wina chisanu chinkatsikira kudambo n'kuwaula tomato ndi masamba a nthochi, kukacha eni dimba n'kungogwira pakamwa. Ife tinalibe nsapato. Juzi inali ya mwana wa mphunzitsi kapena wa sitolo. Ambirife tinali ndi kabudula mmodzi wa khaki ndi malaya amodzi, omwewo a kusukulu, ndipo amayi ankawabisa tsiku lotsekera kuti angathe holide isanathe. Tinkatsala ndi sanza.

Mnyamata akasinkhuka sankagonanso m'nyumba ya makolo ake. Ankasamukira kumphala. Atsikana ankagona kukuka, kwa agogo aakazi. Kumphala kwathu tinkayala mphasa pansi, n'kufunda bulangete limodzi anthu angapo, ena ziguduli. Pakati pankakhala chitsa cha muwanga, chifukwa muwanga sufulumira kunyeka, umasunga moto mpaka tambala woyamba. Wamng'ono pa onse ankagona chapakati kuti asazizidwe, koma ntchito yosonkhezera moto usiku inalinso yake. Pofika Ogasiti misongolo ya tonse inkakhala ndi mawanga akuda a moto, ndipo zidendene zinkang'ambika ming'alu yoti ukaponda pa chiputu misozi inkatuluka yokha. Mankhwala ake anali kukhula ndi mwala kumtsinje dzuwa litakwera, kenako kudzola mafuta a nsatsi amene agogo ankayenga okha.

Kukacha palibe amene ankathamanga. Ichi n'chimene ndimachikumbukira kwambiri. Akulu ndi ana tinkandanda kukhoma loyang'ana kummawa kuothera dzuwa, manja m'khwapa. Agogo aamuna ankabwera ndi nsungwi zawo n'kumang'amba pang'onopang'ono zoluka lichero. Amayi ankafukula mbatata imene anaikwirira m'phulusa usiku, kapena kuphika futali wothira nsinjiro zambiri, poti mtedza unalipo. Tiyi anali wa mlendo ndi wa Khirisimasi. Mwana akatenga mbatata yotentha sankafulumira kuidya, ankayamba waifumbata kuti zala zimasuke.

Mwina mukudabwa kuti nanga ng'ombe ndi mbuzi ankabusa ndani. Anthu akamaliza kukolola, nyakwawa inkalengeza kuti ziweto zimasulidwe. Zinkangoyenda zokha m'minda kudya mapesi ndi masangwi a mtedza, madzulo n'kubwerera kukhola. Bola zisalowe m'dimba la munthu. Ndiye mnyamata amene dzinja lonse ankathamangitsana ndi mbuzi pamvula, nthawi imeneyi ankapeza mpata. Ufulu wathu wonse unkachokera pamenepo.

Tsono mpatawo tinkapita nawo kumasanje. Kuseri kwa mudzi, m'munda wokolola kale, tinkamanga timisasa ta mapesi, khomo lake loti ulowe chokwawa. Timisasato tinkatiika mozungulira, pakati n'kusiya bwalo. Atsikana ankasankha amuna awo, ana aang'ono n'kugawidwa m'mabanjamo kuti akhale ana. Panali mfumu, panali nduna yake. Mnyamata amene sanasankhidwe ndi aliyense ankakhala fisi: ankabisala m'tchire, nsima ikapsa n'kutulukira akulira, kutsomphola mtanda n'kuthawa nawo, mudzi wonse wa masanje uli pambuyo pake ndi zibonga za mapesi.

Musaganize kuti ankaphika dothi. Chakudya cha kumasanje chinali chenicheni. Atsikana ankayenda m'minda kukunkha chimanga chimene okolola anasiya, chija chogwera pansi ndi chobisala m'mikukwe. Ankachitong'ola, kuchikonola mu kamtondo, kupeta, kuviika mphale, kusinja, kuyanika ufa pa kamphasa. Mchere wokha ndiwo ankapempha kwa amayi awo. Ndiwo zinali udindo wa ife amuna: mbewa, ziwala, mbalame za legeni kapena za ulimbo. Wobwera chimanjamanja ankazengedwa mlandu pabwalo, mfumu n'kugamula kuti akatole nkhuni za mudzi wonse. Tinkayankhula momwe tinkamvera akuluakulu akuyankhulira pamilandu, kuwomba m'manja tisanayambe, kutchulana ndi ziwongo, aPhiri, aBanda, aNangozo.

Mlongo wanga, agogo anu aakazi aja a ku Lobi, anaphika nsima yake yoyamba kumasanje. Ataomola, anatenga mtanda umodzi m'kambale n'kupita nawo kukuka, n'kugwada pakhomo.

"Agogo, nayi nsima ya kwathu."

Agogo anasamba m'manja, n'kutema mbamu, n'kuikanya nthawi yaitali osalankhula.

"Waphika ndiwe, Nabanda?"

"Eya, agogo."

"Phala unalifulumizira ufa lisanathakathe. Ukuona m'katimu? Mawa ulisiye liwire mpaka lizikulavulira. Ndipo povundula mphika uziuponda ndi phazi, usamauope. Koma ndiwozi wakoleretsa, mwana wa mwana wanga."

Anadya mtanda wonse. Tsiku lotsatira anampatsa kamthiko kake kake. Palibe anamukalipira chifukwa cha ufa wowonongeka, poti unali ufa wokunkha yekha. Ine ndimaona kuti makolo athu anali ndi nzeru pamenepa. Ankadziwa kuti mwana amaphunzira polakwitsa, ndiye anamupatsa malo ndi nyengo yoti alakwitse popanda banja kugona ndi njala.

Za anyamata zinali kuuna. Kukumba mbewa ndinaphunzira kwa atsibweni, mlongo wawo wa amayi, amene kwa ife Achewa ndiwo mwini mbumba. Ankanditenga dzuwa litakwera, khasu lakutha lili paphewa. Tisanakumbe paliponse ankayamba andigwaditsa pa una.

"Tayang'ana, mphwanga. Ukuonapo chiyani?"

Pakhomo pa una pakakhala ukonde wa kangaude, mwini wake anasamuka kale, usataye mphamvu. Pakakhala dothi latsopano, timapazi ndi makoko a mtedza, mbewa zilimo. Koma pakakhala posalala, popanda timapazi, ankandikoka malaya n'kunena kuti tiye, muli mwini wina. Lamulo lawo linali limodzi, ndipo ankalibwereza tsiku lililonse: dzanja silitsogola kuuna, umatsogoza kamtengo. Usanayambe kukumba unkafufuza kaye khomo lothawira, limene mbewa imalisiya lobisika pansi pa udzu patali pang'ono, n'kuikapo mnzako. Kenako unkatsata njira ndi kamtengo kaja, khasu likubwera pambuyo.

Mbewa si imodzi. Pali phanya wa miyendo yaitali, amene akatuluka amalumpha moti wopanda liwiro samugwira. Pali chitute wosunga chakudya m'masaya, amene kuuna kwake unkapezako nkhokwe ya mtedza ndi nyemba. Koma mfumu ya zonse anali kapuku. Iyeyu m'chisanu amadzitsekera pansi ndi dothi n'kugona, atanona mafuta okhaokha, ndipo kuti umupeze uyenera kudziwa kusiyanitsa dothi lotsekera ndi dothi la chilengedwe. Atsibweni ankalizindikira pongolikhudza ndi chala. Madzulo tinkatchera maliwa m'mphepete mwa munda, mwala wafulati wotsamira pa kamtengo, nyambo yake chimanga chokazinga, m'mawa n'kukaonja mame akadalipo.

Pobwerera tinkazitumbula, kuziwiritsa ndi mchere, kuzipana pampani n'kuziyanika pamoto mpaka ziume gwa. Pogawana, wokumba, wodikira pakhomo ndi kamwana kongonyamula thumba, aliyense ankalandira. Kapuku woyamba ankapita kwa agogo. Mnyamata wobisa mbewa m'thumba ankadziwika, ndipo tsiku lotsatira anzake ankanyamuka osamuitana.

Chimene sitinkaloledwa n'kutentha tchire amayi asanamalize kumweta udzu. Moto umathandiza kuti mauna aoneke, ndipo mtima wa mnyamata unkalakalaka machesi. Koma udzu umenewo ndiwo unali denga la mudzi wonse. Wotentha msanga mlandu wake unkafika kwa nyakwawa, makolo ake n'kulipa nkhuku, pena mbuzi. Ndikamaona masiku ano phiri likuyaka mu Juni, udzu usanakhwime n'komwe, mtima umandipweteka, chifukwa ndikudziwa kuti wayatsayo palibe amene amufunse.

Ndanena kuti mudzi unkapuma, koma amayi sankapuma kwenikweni. Ankalawira kudambo ndi zikwakwa, n'kubwera atasenza mitolo ya udzu yaitali kuposa iwo eni. Ankazira nyumba, ankafutsa ndiwo zotsala, ankamiza mawere a chimera. Abambo amene analipo ankaluka nkhokwe, kudinda makoma a nyumba zatsopano, kufolera madenga. Ntchito ikakula munthu ankafulula mowa n'kuitana anzake, tsiku limodzi denga latha. Madzulo banja lonse linkazungulira mulu wa mtedza wa Chalimbana kuswa, wabwino uku, wofwapa uko. Mtedzawo tinkasenza kupita nawo kumsika wa ADMARC, bungwe limene linalowa m'malo mwa Farmers Marketing Board mu 1971. Chaka chomwecho ndi chimene kunabwera kwacha ndi tambala, koma agogo anapitiriza kuwerenga mwakale: 10 tambala ankati sheleni, K2 ankati paundi. Ndalamayo isanafike n'komwe kunyumba inali itagawidwa kale: msonkho, khadi la chipani, fizi, poti pulayimale inali yolipira mpaka 1994, mchere, sopo, palafini. Ikatsalako, bulangete.

Panalinso chifukwa china chimene mudzi unkakhalira zii, ndipo ichi sichinali chokondweretsa. Amuna ambiri kunalibe. Ena anali ku Halale, ena m'maesiteti a fodya ku Kasungu, ambiri ku Joni, kumigodi, kudzera ku bungwe lolemba anthu ntchito la Wenela. Bambo anga, agogo a bambo anu, anali mmodzi wa iwo. Ndiye mwana wa sukulu wodziwa kulemba ankasanduka mlembi wa mudzi pa holide. Mayi ankabwera ndi pepala long'amba m'kope ndi envulopu, n'kukhala pamphasa chapatali, n'kuyamba: "Ulembe kuti moni. Ulembe kuti ana ali bwino, koma wamng'onoyu chifuwa. Ulembe kuti chimanga chadzaza nkhokwe imodzi, inayo theka. Ulembe kuti denga likufuna mwamuna." Akafika pamenepo ankakhala chete, n'kumakonza mpango kumutu, kenako n'kuti, "Basi, utseke." Ndinali mwana, koma ndinkadziwa kuti mawu enieni atsala m'khosi, sangawanene kudzera mwa mwana wa mnzake. Malipiro anga anali dzira lowiritsa kapena nzimbe. Yankho likabwera ndinkawerenganso ndine, ndipo zimene ndawerenga sindinkayenera kukazitchula kumphala. Kusunga chinsinsi cha munthu ndinakuphunzirira pamenepo.

Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo. Kamuzu analetsa kulemba anthu opita kumigodi, ndipo amene anali kumeneko anayamba kubwerera makontirakiti awo akamatha. Chisanu cha 1975 mudzi wathu unadzaza amuna. Anabwera ndi masutikesi achitsulo, majasi aatali, njinga, mabulangete olemera amene mwana sankatha kunyamula yekha. Kumphala tinafunda bwino chaka chimenecho. Madenga amene anadikira zaka anafoleredwa. Koma chaka chotsatira ndalama ya fizi inavuta m'nyumba zambiri, ndipo njinga zina zija zinagulitsidwa.

Chakudya chamadzulo amuna ndi anyamata tinkadyera pamodzi pabwalo. Nyumba iliyonse inkatumiza nsima ndi ndiwo zake, mbale n'kundandikidwa pakati. Posamba m'manja ankayamba wamkulu, madzi omwewo n'kumatsika mpaka kwa wamng'ono. Mwana wamasiye, kapena amene amayi ake tsiku limenelo analibe ndiwo, ankadya mofanana ndi wina aliyense, ndipo panalibe wofunsa kuti mbale ya kwanu ndi iti. Amayi ndi atsikana nawo ankadyera pamodzi kuseri, kumtondo.

Tikatha kudya, mwezi ukakhala kuti ukuwala, bwalo linali la chipako ndi magule a atsikana. Kukakhala mdima tinkathamangira kukuka. Nthano zinali za nyengo imeneyi. Masana ankatiletsa, ndipo m'dzinja agogo ankabwera kumunda msana utauma, sakanatha. Tinkayamba ndi zilape. Wina ankati "Chilape!" tonse n'kuyankha "Nachize!" ndipo tikalephera kumasulira tinkalipa ng'ombe ya pakamwa, mwini chilape n'kuidya mokoma tonse tikumvetsera, kenako n'kuulula. Zikatha zimenezo agogo ankakankhira mbatata m'phulusa, n'kukhosomola, n'kuti "Padangokhala." Ife "Tili tonse." Wosiya kuyankha ndiye kuti wagona, ankamugwedeza. Agogo sankafotokoza tanthauzo la nthano. Koma mwana akaba ndiwo mumphika masana, usiku womwewo nthano inkakhala ya wakuba ndiwo, ndipo mwini wake ankangoyang'ana pansi. Pomaliza ankati tikaphule mbatata, ife n'kuyankha kuti yapserera, kenako n'kufukula yeniyeniyo n'kugawana.

Wailesi m'mudzi monse inali imodzi, ya Nzeru, ya bambo wina wopuma ku Halale. Mabatire ake ankawayanika padzuwa kuti abwerere mphamvu. Ankatsegula pa nthawi ya nkhani za MBC, za maliro, ndi sewero la Kapalepale, ikatha n'kuikulunga pansalu.

Inalinso nyengo ya mizimu ndi miyambo, poti chimanga cha mowa chinalipo ndipo anthu anali ndi mpata. Mabanja ankakumbukira akufa awo, ng'oma n'kulira usiku wonse, kukacha gule n'kutuluka kudambwe kubwera pabwalo, fumbi lili koboo. Ife a sukulu ya mishoni ya Nkhoma tinkaletsedwa kukaonerera, ndipo m'mudzi umodzi momwemo munali mabanja a mpingo ndi mabanja a gule. Koma maliro akagwa onse ankakumba manda amodzi.

Sindikufuna kuti muziganiza kuti zonse zinali zokoma. Chisanu chinkatenga nkhalamba ndi makanda. Chibayo chikagwira mwana usiku, chipatala chinali kutali, ndipo ulendo wake unali wa pamsana kapena pangolo. Ana ena anagudubukira pamoto ali m'tulo, zipsera zake ali nazo mpaka lero. Ndipo chinamwali chikatha, atsikana ena amene tinali nawo kalasi imodzi sankabwereranso mu Okutobala. Mlongo wanga uja ankandiposa masamu kutalitali. Analekezera Sitandade 5, chifukwa fizi inakwanira mwana mmodzi, ndipo akuluakulu anasankha mnyamata. Chimenecho chinali cholakwika, ndipo ndimachinena poyera ngakhale anachita ndi anthu amene ndinkawakonda.

Chapakati pa holide kunkafika alendo athu, asuweni a m'tauni. Ankatsika basi ya UTM pamsewu waukulu, atavala nsapato ndi masokosi, atanyamula buledi ndi shuga wa agogo. Likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975 anachuluka, poti makolo awo ambiri anasamuka ku Zomba n'kubwera pafupi. Masiku oyamba ankaopa mdima, ankakana mbewa, utsi unkawaliza. Sabata isanathe nsapato zinali pa tsindwi, akuthamanga nafe m'ziputu. Makolo awo ankawatumiza dala. Ankati mwana adziwe kwawo, adziwe atsibweni ake, adziwe manda a makolo ake ndi malire a munda wa amayi ake. Pobwerera ankasenza thumba la ufa, mtedza, kachewere ndi nkhuku yomanga miyendo, ndipo Chichewa chawo chinkakhala chitawongoka.

Mphepo ya Ogasiti ikayamba kuulutsa mapesi, akamvuluvulu n'kumayenda m'minda, mitengo ya m'phiri n'kuphuka masamba ofiira, tinkadziwa kuti chisanu chapita. Timisasa ta masanje tinkatenthedwa pamodzi ndi zinyalala za kusosa. Makasu ankakhomedwa m'mipini. Amayi ankatulutsa yunifomu ija, n'kupeza kuti kabudula wafupika.

Lero sukulu zimatsekeranso mu Julaye, ndiye holide yanu yaikulu ikugwa pa nyengo yomwe ija. Koma ndikumva kuti mukangotsekera Lachisanu, Lolemba mwayamba kale maphunziro apadera, ndipo otsalawo mumathera pa foni. Sukulu ndimailemekeza, inandidyetsa moyo wanga wonse. Komabe mwa inu nonse palibe amene akudziwa pamene pathera munda wa agogo anu, ndipo anthu odziwa malirewo tatsala ochepa. Kauzeni makolo anu kuti chaka chino akukwezeni basi, mudzatsikire pa Linthipe, mudzakhale ngakhale masabata awiri. Mudzatenge majuzi ndi mabulangete anu, kuno kukuzizirabe. Ufa ulipo, mbatata ndakusungirani pa dzenje, ndipo miyendo yanga ikadatha kukafika kumalire.